Kachikopa ka Ludzu

Amene mwayendapo pa msewu wa ku Mfuwe mwina munamuona mlongo wanga Abson Chulu atakhala pansi pa mtengo wa msikidzi, akumata machubu a njinga. Ndi wamtali, wa mapewa akugwa, ndipo sipanala iliyonse amayamba waipukuta asanaibwezere m'thumba. Mukamupatsa moni amayankha bwinobwino, koma nkhani imathera pomwepo. Ine ndine Felister, mkulu wake. Pakamwa pa banja lathu lonse Mulungu anapereka kwa ine ndekha, choncho za Abson ndikamba ndine, iye afune asafune.

Tinabadwira ku Mnkhanya. Abson anali mwana womvera mopitirira muyeso, kumvera kwake kotopetsa nako. Tsiku lina amayi anayanika mapira pabwalo n'kumuuza kuti aziingitsa nkhuku. Mvula inabwera, mapira ananyowa onse, iye ali chiimire ndi kamtengo m'manja. Amayi atamufunsa chifukwa chake sanaanule, anayankha kuti anamutuma za nkhuku, za mvula sanamuuze. Tinaseka chaka chonse. Tikanadziwa, tikanamukwapula tsiku lomwelo kuti khalidwelo lituluke akadali wamng'ono.

Mutu anali nawo. Giredi seveni anakhoza, koma malo a ku sekondale sanapezeke, ndipo abambo anali atamwalira kale, panalibe woti n'kukamuyankhulira. Zimenezi zinamukhala pamtima moyo wake wonse. Ankamasula matochi ndi mawayilesi a anthu kuti aone m'kati, ena n'kuwabweza akulira, ena atafa kotheratu. Akaona anzake akale atabwera pa holide ndi mabuku kukhwapa, ankapatuka njira. Mu 1990 analembedwa usikauti wa m'mudzi, ntchito yolondera nyama zakutchire. Anapatsidwa yunifolomu ndi majombo, ndipo nyama ikagawidwa kwathu sitinkasowa ndiwo. Chaka chotsatira anakwatira Tabeth n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, pafupi ndi kampu ya masikauti. Anabereka mwana wamkazi, Harriet. Apongozi ake aakazi ankamukonda kwambiri. Mwa mwambo sankakhala pamodzi kapena kuyang'anana m'maso, koma mayiwo ankakazinga mtedza n'kuusiya pakhonde la mkamwini wawo, iye n'kumawadulira nkhuni zabwino za mopane osauzidwa.

Mu Meyi 1995, mvula itakanika chaka chimenecho, pa kampu panafika galimoto yodzaza mabokosi. Mwini wake wa katunduyo anali mayi wachitsikana wa ku Lusaka, Dokotala Wendy. Sanali dokotala wa matenda, anali wa sayansi, ndipo ankaphunzira kunja kwa dziko. Bungwe lina la komweko ndilo linamutuma. Ine ndinaona zonse ndi maso anga chifukwa masiku amenewo ndinkagulitsa zitumbuwa pa kampupo.

Makina ake anali otere, monga momwe ndinamvera ine. Padenga la kanyumba kena anaikapo masola. Masana magetsi a dzuwa ankang'amba madzi n'kutulutsamo mpweya wotchedwa haidirojeni, umene unkasungidwa mu thanki yachitsulo. Dzuwa likalowa, mpweyawo unkapita m'kabokosi kamene iye ankakatcha fiyuwelo selo, n'kukumana ndi mpweya wamba umene timapumawu, ndipo pamenepo pankatuluka magetsi oyatsira babu ndi ovaova, wayilesi yolankhulirana ya masikauti. Dizilo panalibe, utsi panalibe, phokoso lake linali kung'ung'udza chabe. Koma mtima wa zonsezi unali kapepala ka pulasitiki kopyapyala ngati ka paketi ya shuga, kamene kanapanidwa pakati pa kabokosiko. Wendy ankati membuleni. Ife tinangoti kachikopa. Ntchito yake inali yosefa: tizidutswa tina ta mpweyawo tinkadutsa m'kachikopamo, tina tinkakanizidwa n'kuzungulira mu waya, ndipo kuzungulira kumeneko ndiwo magetsi. Tizikopa togula kunja tinali todula zedi, ndiye Wendy ankaphika take yekha poviika pulasitiki wotchipa mu asidi. Anabwera kwathu kuti aone ngati kake kangapirire kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa.

Vuto la kachikopako linali ludzu. Kankayenera kukhala konyowa nthawi zonse. Kakangouma, kankang'aluka ngati dothi la kudambo mu Okutobala, ndipo kakang'aluka ndiye kuti kafa. Komanso kanali kosankha kuposa mkazi wapakati. Madzi a pachitsime ayi, a mumtsinje ayi, owiritsa ayi. Wendy anatisonyeza chifukwa chake. Anadontheza madzi a pamjigo pa galasi n'kuliika padzuwa, ndipo atauma panatsala kabanga koyera ka mchere. Anadonthezanso ake a m'botolo, pamenepo sipanatsale kanthu. Anati mchere umenewo ndiwo umatseka kachikopa. Choncho anamanga chotchezera madzi kuseri kwa kanyumbako, beseni lakuda lovindikira ndi galasi lopendekeka. Dzuwa linkakweza nthunzi, nthunziyo n'kumadontha pang'onopang'ono kupita mu dilamu ya buluu imene inali m'kati.

Abson anagwa m'chikondi ndi makinawo tsiku loyamba lomwe. Akaweruka kolondera sankapita kunyumba, ankaima pakhomo la kanyumbako kumangoyang'ana. Wendy anamuona, anayamba kumutuma, kenako kumuphunzitsa kuwerenga mageji, timawotchi toyezera ta pa makinawo, ndi kuthira madzi. Itakwana nthawi yoti abwerere kunja, anamuitana pamaso pa tonsefe.

"Ba Abson, nifuna munthu wosamala ichi chinthu," anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Chisazime olo tsiku limodzi, chifukwa tipima kuti chizakhala nthawi itali bwanji. Mukakasunga kamoyo mpaka nibwere mu Novemba, nizakutengani ku Lusaka mukaphunzire za magetsi. Bungwe lizalipira."

Ndinamuyang'ana mlongo wanga. Munthu wa mwana kale, koma maso anadzaza misozi ngati wa giredi wani. Kunali kofunika kuti asiye usikauti, chifukwa sikauti amagona kutchire masiku angapo pamene kachikopa kankafuna munthu tsiku ndi tsiku. Ine ndinamukokera pambali.

"Iwe Abson, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Usiye majombo a boma chifukwa cha kapulasitiki?"

"Asisi, ni sukulu," anayankha. Mawu ake anali omwewo basi, ndipo mawa lake anakabweza yunifolomu.

Miyezi yoyamba zinayenda. Ankadzuka m'mawa kukatunga madzi pamjigo, kuthira m'beseni, kupukuta galasi, kupukuta masola. Dilamu ankaiyeza ndi kandodo kosenda bwino kamene ankakatsuka asanakaviike. Chitseko ankakhoma ndi loko, kiyi n'kuvala m'khosi pamodzi ndi kolona. Masikauti anzake ankamunyoza kuti wakwatira mitala, mkazi wachiwiri wosabereka koma womwa ngati njovu. Tabeth ankaseka nawo poyamba. Iyenso ankalota za ku Lusaka, ndipo anali atayamba kale kufunsa ngati kumeneko nyumba zake zimakhala ndi mipope m'kati.

Kenako kunabwera chilimwe chimene akuluakulu mpaka lero amachitchula akulavula malovu. Pofika Seputembala mjigo unayamba kukoka mpweya. Zitsime zinauma. Amayi a m'mudzi ankapita ku mtsinje wa Lupande kukafukula mchenga, dzenje lofika m'chiuno, n'kukhala pansi kudikira kuti madzi a matope asonkhane kapu imodzi imodzi. Njovu nazo zinkafuna maenje omwewo, ndiye nthawi zina munthu unkafukula m'mawa wonse n'kuthawa, mwini tchire n'kumwa thukuta lako. Abson ankaima nawo pamzere wa amayi kuti apeze othira m'beseni lake. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti ana akugona ndi ludzu pamene pulasitiki ikumwa.

Tsiku lina masana anyani anathamangitsana padenga la kanyumbako, ndipo mmodzi anadumphira pa galasi la chotchezera. Linasweka lonse. Abson anayesa kuvindikira ndi pulasitiki ya feteleza, koma sipankadontha kanthu. Anakabwereka zipangizo zotchezera kachasu kwa mayi wina, iye amene mowa sanaulawepo, mpaka a kutchalitchi anamuitana kudzamufunsa. Madzi anatulukadi, koma akununkha kachasu, ndipo anaopa kuwathira m'makina. Anatumiza uthenga pa ovaova kupita ku ofesi ya bungwelo ku Chipata kuti amutumizire galasi. Anamuyankha kuti uthenga wamveka. Anatumizanso, anamuyankha chimodzimodzi. Kuyambira pamenepo moyo wa kachikopa, ndi sukulu ya Abson, zinali m'madzi amene anatsala mu dilamu ija. Kandodo kankamuuza kuti akawasamala afika nawo kumapeto kwa Novemba, koma mopanda chotsala.

Apongozi ake aakazi aja anamwalira chapakati pa Okutobala, m'mawa. Anadwala m'mimba masiku ochepa chabe. Amene amadziwa Okutobala wa m'chigwa akudziwa kuti thupi silidikira. Limayenera kusambitsidwa ndi kuikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Amayi amene anapita ku Lupande anapeza njovu zitakhazikika pa maenje, ndipo anabwera ndi tizigubu ta matope tosakwana n'kumwetsa olira. Apa m'pamene wina anakumbuka kuti pa kampu pali dilamu ya madzi oyera kuposa madzi ena onse m'dziko la Mnkhanya.

Anapita a Langford, malume ake a Tabeth, amene ndiwo anali mwini mbumba. Pambuyo pawo panali Tabeth, maso otupa, ndi amayi awiri osambitsa maliro, aliyense ndi ndowa. Ine ndinawatsatira. Sitinkaganiza kuti tikukapempha. Tinkaganiza kuti tikukatenga, chifukwa kwathu madzi samanidwa. Mlendo, mdani, wamisala, aliyense akaima pakhomo n'kunena kuti ali ndi ludzu, umamupatsa, zokangana zimabwera pambuyo. Nanga a maliro, a apongozi akoako?

Abson anali atathamangira ku kanyumbako kukathira madzi a tsikulo kuti abwerere kukakumba nawo manda. Atationa anakhoma chitseko n'kugwada pansi patsogolo pake, manja pamodzi.

"Mwaswera bwanji, atate a Harriet," anatero a Langford mwaulemu. "Tabwera na ndowa ziwiri chabe. Tisambike amayi anu."

Abson anayang'ana ndowazo. Ndinamuona akuyeza ndi maso, ndipo ndinaidziwa nkhope imeneyo.

"Amalume, manzi aya si anga," anatero motsitsa mawu. "Ananisungiza. Nikachosako ndowa ziwiri, safika Novemba. Chinthu chizafa."

A Langford anakhala ngati sanamve bwino. "Chinthu chizafa? Mwana wanga, munthu wafa kale. Ali gone pa mphasa."

"Lekani nipalase njinga ku Luangwa, nikatape. Nizabwera na zigubu zozula."

"Ku Luangwa? Ubwere nthawi yanji, seventini awazi, madzulo? Na dzuwa ili? Ufuna amayi ako aikidwe anthu atagwira mphuno?"

Tabeth anaika ndowa pansi n'kugwada moyang'anana naye, mawondo awo kutsala pang'ono kugundana. Sanakuwe. Zikanakhala bwino akanakuwa.

"Atate a Harriet, ni amama. Aja okukazingirani nshawa. Olo ndowa imodzi chabe, tipukute kumaso."

Abson analira. Misozi inkatsika mpaka pachibwano, koma dzanja lake linali litagwira kiyi pachifuwa, ndipo silinasunthe.

"Ananiuza kuti chisazime olo tsiku limodzi," anatero.

Ine ndinamutukwana. Ndinamutchula mayina amene sindingawalembe pano, ndinamukoka malaya mpaka batani linaduka, ndinamuuza kuti amayi athu akanakhala moyo akanamukana pamaso pa anthu. Mmodzi mwa amayi aja anati tithyole chitseko. A Langford anakweza dzanja.

"Iyai. Manzi olanda sasambika maliro. Tiyeni."

Anawasambitsa ndi madzi a matope osefa pa chitenje. Ine ndinali m'nyumbamo. Anayesetsa amayi aja, koma madziwo atauma anasiya mizere yotuwa pamphumi ndi m'makutu, ndipo Tabeth anakhala akupukuta nkhope ya mayi ake ndi malovu pa nsonga ya mpango mpaka anamugwira manja. Sindinaonepo chinthu chowawa chotero, ndipo sindinamukhululukire mlongo wanga tsiku limenelo. Abson atafika kumanda ndi khasu, adzukulu anamulanda n'kumuuza kuti akakumbire pulasitiki yake. Anaima patali pansi pa mtengo mpaka mwambo unatha.

Patapita masiku owerengeka anapeza bulangete lake, wayilesi ndi mbale zitamangidwa pamodzi n'kuikidwa m'mbali mwa njira yotulukira m'mudzi. Mkamwini sauzidwa kawiri. Harriet anatsala ndi mayi ake, monga mwa mwambo. Abson anakagona m'kanyumba ka makina, pambali pa dilamu yake. Masikauti anasiya kumunyoza, anangosiya kumulankhula. Ngakhale zitumbuwa zanga anthu anazinyanyala kwa kanthawi, poti ndine mlongo wake wa womana madzi pa maliro.

Ndinkamupititsira chakudya, chifukwa magazi ndi magazi, koma ndinkangoika pakhomo n'kutembenuka. Tsiku lina anandiitana.

"Asisi, nikapita ku sukulu nizabwera na nchito. Nizakumba mjigo pa mudzi paja, wa sola. Azamvetsa."

Ndinangomusiyira chakudya n'kumapita. Ndinaona kuti munthuyu watsala ndi chingwe chimodzi chokha, ndipo sindinafune kuti chidukire m'manja mwanga.

Wendy anabwera chapakati pa Novemba. Mitambo inali itayamba kusonkhana masana n'kumabalalika madzulo osagwetsa kanthu. Abson anamva kulira kwa galimoto ali kutali. Anavala malaya ake a kutchalitchi amene anawasita ndi makala, n'kutsekula chitseko chonse kuti mayiyo aone babu ikuyaka ndi mageji ali m'malo mwake. Ine ndinali pomwepo ndi beseni langa la zitumbuwa.

Wendy anatsika ataonda, wotopa ndi msewu, koma akumwetulira. Anapereka moni kwa aliyense. Atafika pakhomo la kanyumbako anaima n'kutchera khutu.

"Ah! Chikali kusebenza?"

"Sichinazime olo tsiku limodzi, madamu," anatero Abson ataima njo ngati pa perete.

Kumwetulira kwa Wendy kunasintha. Anayang'ana dalaivala wake, bambo wina dzina lake Wiseman, kenako anayang'ana pansi.

"Ba Abson, sanakuuzeni? Ninauza a ku ofesi mu Ogasiti kuti akutumireni uthenga."

Anafotokoza bwinobwino, mosabisa, ndipo ine ndikanakonda akananama. Anati tizikopa tinzake ta kameneka, timene anaphika tsiku limodzi n'kutisiya ku labotale kunja, tinayamba kufumbutuka mu Ogasiti. Kaphikidwe kameneko anakasiya, tsopano akuyesa pulasitiki wina ndi asidi wina. Eni bungwe anaona kuti kuyesera m'chigwa kulibenso phindu mpaka atapeza kachikopa kolimba, ndipo zimenezo zikhoza kutenga zaka. Iye anabwera kudzatenga masola ndi kabokosi.

"Sembe munazimya chabe," anatero, kutanthauza kuti akanangozimitsa. "Panalibe vuto."

Abson anafunsa funso limodzi lokha. "Nanga sukulu, madamu?"

Wendy anati ndalama za maphunziro zinali m'gawo lachiwiri la ntchitoyo, ndipo gawo lachiwiri kulibe. Anati ayesa kulankhula ndi anthu, aona. Ife a kuno mawu akuti tiona timawadziwa bwino.

Mlongo wanga anangoti, "Chabwino, madamu," n'kuyamba kufunafuna sipanala yomasulira masola. Apa ine ndinaphulika. Ndinaika beseni pansi n'kumuuza mayiyo zonse, za galasi, za mauthenga, za ndowa ziwiri, za mizere yotuwa pankhope ya apongozi, za bulangete m'mbali mwa njira. Ndinalankhula mpaka mawu anandithera. Wendy anakhala pa sitepe n'kugwira pakamwa. Analira, ndipo ndikhulupirira kuti kulira kwake kunali koona.

"Pepani, ba Abson. Nikanaziba... sembe munawapasa chabe manzi. Ine sinikanakalipa. Pepani maningi."

Pepani sapoletsa chilonda. Ndipo mawu akuti sakanakalipa ndiwo anali oipa kuposa onse, chifukwa ndinaona Abson akuwameza ngati munthu womeza fupa. Sindikunena kuti mayiyo anali woipa mtima. Anali ndi ntchito yake yaikulu yofuna kuti tsiku lina midzi ngati yathu idzayake popanda dizilo, ndipo mwina idzayakadi. Koma analankhula mawu kwa munthu amene sanamudziwe, n'kukwera ndege, osaganiza kuti kuno kuli anthu amene mawu amawagwira ndi manja awiri. Uthenga woti zimitsa anausiya pa tebulo la wina ngati chipewa choiwalika.

Atapukuta misozi anazimitsa makinawo yekha. Kung'ung'udza kuja kunaleka, ndipo m'kanyumbamo munangoti zii. Anamasula mabawuti a kabokosi n'kutulutsa kachikopa ndi zala ziwiri. Aka kanali koyamba kuti Abson akaone chiikireni m'bokosimo. Kanali katasanduka kofiirira, kopota m'mbali, kosakwana n'chikhatho cha dzanja langa. Wendy anakayang'ana padzuwa, anati kayamba kale kubooka, n'kukaika mu envelopu youma. Wiseman anasuzumira mu dilamu n'kusangalala, anati madzi otere ndi abwino ku batire ndi ku redieta, ndipo anadzaza chigubu chake. Otsalawo Wendy anati Abson atenge, pamodzi ndi dilamu yomwe.

Galimoto itapita, Abson anapendeketsa dilamuyo n'kukhuthulira madziwo m'zigubu ziwiri. Anakwana ndendende. Anazimanga pa njinga.

"Upita nazo kuti?" ndinamufunsa, ngakhale ndinkadziwa.

"Ni ao," anatero.

Ndinamuuza kuti asapite. Sanamve, ndiye ndinamutsatira, poopa kuti angamumenye. Anakankha njingayo dzuwa lili paliwombo mpaka m'mudzi mwa a Langford. Mudziwo unali uli pa ludzu lomwe lija. Ana anaona zigubu zikudontha m'mbali, anathamangira m'nyumba kukatenga makapu, n'kumuzungulira. Abson anaimika njinga pabwalo la Tabeth, anamasula zigubuzo, anaziika pansi n'kugwada pambali pake.

Tabeth anatuluka ali ndi mpango wakuda kumutu, Harriet atamugwira chitenje. Anayang'ana zigubuzo nthawi yaitali.

"Nabweresa manzi," anatero Abson. "Chinthu chija chasila. Ni anu yonse."

"Amama tinawasambika kale," anayankha Tabeth. "Mufuna tikawafukule?"

Mayi wina anaitana mwana wake, wina anaitananso wake, ndipo ana aja anabwerera mmodzimmodzi ndi makapu ouma, akucheuka. Harriet anatambasula dzanja kuloza chigubu, mayi ake anamunyamula n'kulowa naye m'nyumba, chitseko n'kutsekedwa. Abson anakhala chigwadire mpaka mawondo anachita dzanzi. Kenako anadzuka, anamanganso zigubu zija pa njinga, zodzaza monga anabwera nazo, ndipo tinatuluka m'mudzimo anthu akutiyang'ana pa makonde, milomo yawo itang'aluka ndi ludzu.